Ndewu ya usiku imafika m'kalasi m'mawa

Mphunzitsi amene wakhalitsa pa sukulu ya kumudzi amadziwa nyumba zimene mumachitika ndewu, ngakhale sanapondemo phazi. Sitichita kufufuza ayi. Ana amabwera nazo okha. Wina maso ali psuu ndi tulo, wina kope lilibe kanthu, wina sabwera n'komwe ndipo dzina lake mu rejisitala limangotsatana ndi zizindikiro za kujomba. Ine ndaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri m'chigawo chapakati, makamaka sitandade 5 mpaka 7, ndipo rejisitala imeneyi yandiphunzitsa zambiri za mabanja a m'midzi yotizungulira kuposa misonkhano yonse ya makolo.

Kujomba kuli mitundumitundu. Kulipo kwa malungo, kumene kumachuluka mvula ikamagwa. Kulipo kwa njala, mu Januwale ndi Febuluwale, ana ali ku ganyu ndi makolo awo. Kulipo kwa tsiku la msika. Koma kulipo kwina kumene kumatsata ndalama. Kumabwera Lolemba, mowa wa Loweruka ndi Lamulungu utatha. Kumabwera fodya akagulitsidwa ku okushoni, kapena mavenda akapachika masikelo awo ogulira soya ndi mtedza. Nyengo imene m'mudzi muli chakudya, imene kalasi imayenera kudzaza, ndi imene ana a nyumba zina amasowa. Ndalama zikalowa m'nyumba yopanda mtendere zimalowa ndi mafunso. Zapita kuti? Mwadya ndi ndani? Kodi ine sindinalime nawo? Mafunso amenewa kawirikawiri amayankhidwa ndi chibakera, ana ali pomwepo.

Panali mtsikana wina mu sitandade 6, wa zaka 12, amene sankachoka pa ana asanu oyambirira m'mayeso. Teremu yachiwiri anayamba kuwodzera m'kalasi. Masamu amene ankawathamangira anayamba kumusokoneza, zolemba zake zinayamba kuthera panjira. Tsiku lina pa buleki ndinamuuza kuti atsalire.

"Iwe mwanawe, ukudwala?"

"Ayi, Madamu."

"Nanga usiku umagona nthawi yanji?"

Anayang'ana pansi nthawi yaitali, akukanda desiki ndi chala. Kenako anati, "Ndimadikira abambo afike kaye, Madamu. Akafika bwinobwino ndimagona. Akafika akuyimba, ndimatulutsa ana."

Ana amene ankanenawo anali ang'ono ake awiri, mmodzi wa kumsana. Ankawatenga n'kukakhala nawo kuseri kwa nkhokwe, kapena m'khitchini mwa anthu oyandikana nawo, mpaka phokoso litatha. Ankadziwa mmene usiku ukhalire pongomva mmene njinga yatsamizidwira pakhoma. M'mawa, amayi ake akadzuka nkhope itatupa, ankachita manyazi kupita ku mjigo, ndiye madzi ankatunga ndi iyeyo, moto kukoleza iyeyo, ana kusambitsa iyeyo. Pofika ku sukulu ankapeza asembule itatha ndipo ochedwa akupatsidwa chibalo chosesa bwalo.

Nzeru za mwana ameneyu sizinapite kulikonse. Zinangopatsidwa ntchito ina. Mutu umene unkayenera kusunga malamulo a mafulakishoni unali kusunga mayendedwe a bambo woledzera, malo obisala, ndi njira yotontholetsa khanda kuti lisalire. Anali ngati mlonda amene wachezera usiku wonse, ndipo kukacha ife tikumuuza kuti akhale tsonga awerenge ndime.

Akatswiri a za ubongo anaziona kale zimenezi. M'chaka cha 2011, gulu la Eamon McCrory ku University College London linajambula ubongo wa ana amene anakumana ndi nkhanza kunyumba, anawo akuonetsedwa zithunzi za nkhope zokwiya. Mbali za ubongo zimene zimachenjeza munthu za zoopsa zinkagwira ntchito mopitirira muyezo, mofanana ndi mmene zinaonekera mwa asilikali ochokera ku nkhondo. Kafukufuku wina wa 2003, wa Karestan Koenen ndi anzake, anaona mapasa a zaka 5 m'mabanja opitirira 1,100 ku England. Ana a m'nyumba zimene munali nkhanza zambiri ankapeza mapointi 8 ocheperapo pa mayeso oyeza nzeru poyerekeza ndi anzawo, ndipo chifukwa anali mapasa, ofufuzawo anatha kuona kuti si nkhani ya kumtundu yokha. Thupi la munthu wamantha limatulutsa timadzi totchedwa cortisol timene timamukonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana. Kwa mphindi zochepa timadziti timapulumutsa moyo. Tikakhala m'thupi usiku ndi usiku, timasokoneza tulo, chidwi ndi kukumbukira, zinthu zitatu zimene sukulu imadalira kwambiri. Ndipo zimenezi sizilira kuti mwanayo amenyedwe iye mwini. Kumva amayi ake akulira kuseri kwa chitseko n'kokwanira.

Choopsa cha sukulu n'chakuti phunziro la lero limaima pa la dzulo. Mwana amene anataya miyezi itatu ali mu sitandade 2, nthawi yophunzira kulumikiza maphatikizo, amafika nalo vutolo mu sitandade 4 asakutha kuwerenga bwino Chichewa. Mu sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndipo apo amangotayika. Amabwereza kalasi, amabwerezanso, mpaka amapezeka ali ndi zaka 15 pakati pa ana a zaka 11. Manyazi amamaliza zimene ndewu inayamba. Akasiya sukulu, m'mabuku mwathu timalemba kuti analibe chidwi.

Wina anganene kuti ndikukamba za nyumba zowerengeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse amene nthambi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Mwa amayi amene anamenyedwapo kapena kugwiriridwa, pafupifupi theka sanapemphe thandizo ndipo sanauzeko munthu aliyense. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mayi wa ku Malawi amabereka ana opitirira anayi. Anawo ali m'makalasi athu. Kafukufuku wina wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anaonetsa kuti ana awiri mwa atatu alionse amakumana ndi nkhanza asanakule, ndipo pa nkhani ya kumenyedwa, anyamata ndi amene ankachuluka. Ndisanamizire abambo okha: alipo amuna amene amazunzidwa ndi akazi awo, alipo amayi opeza ankhanza, ndipo alipo amayi amene ululu wa usiku amakautsitsira pa ana m'mawa. Koma nyumba zambiri zimene ine ndazidziwa kudzera mwa ana, womenyedwa ndi mayi.

Anyamata amabwera nazo mwa njira ina. Umaona mnyamata wa zaka 10 akungoputa anzake pa buleki, akutukwana atsikana ndi mawu amene mwana sangawapeke yekha. Ukawamva mawuwo umadziwa kuti ndi a munthu wamkulu, ndipo umadziwa amene amanenedwa kunyumba. Akafika zaka 14 kapena 15, ena amayamba kulowerera ndewu kuti ateteze amayi awo. Mapeto ake bambo amati m'nyumba muno simungakhale amuna awiri, mnyamata n'kuyamba kugona kwa anzake, kenako pa tawuni, kenako wapeza njinga ya kabaza ndipo sukulu yathera pomwepo. Ku America, Scott Carrell ndi Mark Hoekstra anafananiza mabuku a khoti a milandu ya nkhanza za m'banja ndi mabuku a sukulu m'dera la Alachua ku Florida. Zotsatira zawo, zimene zinatuluka mu 2010, zinaonetsa kuti m'kalasi mukakhala mwana wochokera m'nyumba ya nkhanza, makamaka mnyamata, anzake a m'kalasimo nawonso amatsika pa masamu ndi kuwerenga, ndipo mwambo umasokonekera. Kumeneko makalasi ndi aang'ono. Kuno boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma makalasi ambiri a m'munsi amapitirira 100. Bambo amene amati za m'nyumba mwake ndi zake zokha akuphunzitsa nawo ana a mudzi wonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti sukulu, mosadziwa, imamulanganso mwana yemweyo. Wachedwa, chibalo. Sanalembe ntchito ya kunyumba, agwade. Wawodzera, aimirire kutsogolo anzake amuseke. Unduna wa Zamaphunziro unaletsa chikwapu, koma m'sukulu zambiri kamtengo kakadali pa tebulo. Mwana amene waona dzanja likukwezedwa usiku amalionanso likukwezedwa m'mawa, ndipo amaphunzira kuti wamkulu aliyense akakwiya amamenya. Mayina timawapatsa msangamsanga: waulesi, wamwano, mbuli. Dzina likamumatirira mu sitandade 3, amayenda nalo mpaka atasiya sukulu.

Pali nkhanza ina imene sisiya chotupa. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma kope siliri laulere, cholembera, sopo ndi yunifolomu chimodzimodzi. M'nyumba ya mkangano zinthu zing'onozing'ono zimenezi zimasanduka zida. Mwana akapempha ya kope amauzidwa kuti, "Pita ukapemphe amako, si amati ndi ochenjera?" Mayi amasonkha pang'onopang'ono ku banki m'khonde chaka chonse ndi cholinga cha ana a sukulu, tsiku logawana masheya ndalama zonse n'kulandidwa pakhomo. Ndinaonapo mwana atabwera ndi zovala za kumunda chifukwa yunifolomu yake inapsera limodzi ndi zitenje za amayi ake, zimene bambo anazitentha pabwalo. Ndinaonaponso mtsikana atasankhidwa kupita ku sekondale, bambo ali ndi mabelo a fodya, koma n'kukana kugula ngakhale chikwama, ati mwana wa mkazi wamwano sangamuonongere ndalama. Lamulo lathu loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limaitchula imeneyi kuti nkhanza, mofanana ndi kumenya. Anthu ambiri m'mudzi amangoti bamboyo ndi wouma manja.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Ndewu ikakula, amaitana ankhoswe. Ine unkhoswe ndimaulemekeza. Mabanja ambiri aima chifukwa cha anthu amenewa, ndipo nanenso ndinakhalapo pa mphasa yotere kwa abale anga. Koma taonani mmene mlandu umayendera. Akuluakulu akhala pakhonde, ndipo mawu oyamba amakhala akuti, "Ana inu, pitani mukasewere uko." Mwamuna amadzudzulidwa, mwina apereka nkhuku, apepesa. Kenako onse amatembenukira kwa mkazi. "Mayi, banja ndi kupirira. Taganizirani anawa. Pirirani chifukwa cha ana." Kumpingo mawu ake ndi omwewo, kwa anamkungwi ndi omwewo. Woyandikana nawo amene anamva zonse amakhala chete, ati awiri ndi awiri, wachitatu ndi kapasule.

Chigamulo chimaperekedwa m'dzina la ana, koma anawo athamangitsidwa kuti akasewere. Palibe amene wafunsa kuti mtsikana wamkuluyo amagona nthawi yanji. Palibe amene wapempha kuona lipoti lake la teremu yatha ndi la chaka chatha kuti aziike pamodzi. Palibe amene wadziwa kuti wamng'onoyo wayambiranso kukodza pogona, kapena kuti mnyamatayo wathyola dzino la mnzake ku sukulu. Timawerengera zimene ana angataye banja likatha, ndipo n'zoonadi amataya. Koma zimene akutaya kale banja lili chiimire sitiziika pa sikelo.

Sindikunena kuti kuchoka n'kophweka, chifukwa nako ndakuona mu rejisitala yomweyo. Kuno kwathu kwa chikamwini, mwamuna ndi amene amanyamula katundu wake. Ana amatsala pa sukulu yawo, zimene ndi zabwino, koma thandizo limapita ndi bamboyo. Akakwatira kwina amati ana ndi a kuchikazi, awaone atsibweni awo. Atsibweniwo ali ndi ana awoawo. Kumene mkazi anatengedwa chitengwa, ndi iye amene amathawa usiku ndi ana, pakati pa teremu, wopanda kalata ya thiransifa. Ana amakhala kwa agogo mwezi wathunthu osaphunzira, kenako alowa sukulu ya kumeneko, kenako ankhoswe agwirizanitsa banja ndipo abwerera kwa ife mayeso atayandikira. Pakatha miyezi ingapo zayambiranso. Mwana woyendayenda chonchi sangamalize silabasi ya kalasi iliyonse. Kumadera a malowolo, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kawirikawiri mayi amachoka yekha, ana n'kutsala ndi bambo yemwe uja ndi mayi wopeza. Ndiye mayi amene akupirira si wopusa. Wawerengera zonsezi, ndipo waona kuti palibe amene angamugwire dzanja akatuluka. Chimene ndikukana n'chakuti ife ena, amene tili ndi mphamvu yomuthandiza, tizibisala kuseri kwa ana pomuuza kuti abwerere.

Mtsikana wa sitandade 6 uja tinamupezera njira. Amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza ana kuti asasiye sukulu, analankhula ndi azakhali ake, amene ankakhala pafupi ndi sukulu, kuti azigona kumeneko masiku a sukulu. Titamuuza, tinkayembekeza kuti asangalala. Iye anafunsa funso limodzi: "Nanga ana azitulutsa ndani, Madamu?" Anavomera pokhapokha azakhaliwo atalonjeza kutenganso mng'ono wake wotsatana naye. Anabwereza sitandade 7, analemba mayeso a MANEB a sitandade 8, ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya pafupi. Tinakondwera. Komabe aphunzitsi onse amene anamudziwa ali mu sitandade 5 ankadziwa kuti mutu umenewo unali wa ku sekondale yogonera konko.

Atsikana ena sapeza azakhali. Amapeza mwamuna. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anaonetsa kuti atsikana 42 mwa 100 alionse amakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Tikamakamba za maukwati a ana timatchula umphawi ndi miyambo, ndipo n'zoona. Koma atsikana angapo amene ndinawatsatira atasiya sukulu anandiuza chinthu chimodzi: "Kunyumba kunalibe mtendere, Madamu." Mnyamata wa geni pa msika amene wamulonjeza kanyumba kopanda phokoso amaoneka ngati mpulumutsi. Dziko lathu lachitapo kanthu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubweza atsikana ku sukulu. Kuyambira 1993 tili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi. Zonsezi n'zabwino. Koma tikamuchotsa mtsikana ku banja, timamubweza kunyumba kuti? Nthawi zambiri ndi kunyumba komwe anathawa kuja, bambo ali yemwe uja, ndipo tsopano wabwera ndi khanda loonjezera mkangano. Ngati sitifunsa chimene chinamuthamangitsa, pakatha teremu imodzi tidzamusowanso.

Chaka cha 2020 chinatiphunzitsa kuti sukulu ndi chiyani kwa ana otere. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19 ndipo zinakhala zotseka kwa miyezi yoposa isanu. Kafukufuku wachangu wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Ife tinaona mabenchi opanda anthu titatsegulira. Kwa ana ena, maola a ku sukulu ndi okhawo pa tsiku amene mtima umakhala m'malo. Ndi ana amene amadzipereka kusesa kalasi anzawo ataweruka, amene amazengereza pa bwalo la mpira mpaka dzuwa litapendeka, amene tsiku lotsekera sukulu sakondwa nawo. Aliponso a mtundu wina, amene amathawa pa buleki kukasuzumira kunyumba kuti aone ngati amayi awo ali moyo. Onsewa ndi ana a nyumba zofanana.

Lamulo la 2006 lija lili ndi mbali imene ndikanakonda mayi aliyense ndi nkhoswe iliyonse ataidziwa. Khoti la majisitireti lingathe kupereka chiletso kuti wankhanzayo asayandikire kapena kuopseza banja lake. Lingathenso kulamula kuti wozunzidwayo ndi ana akhalebe m'nyumbamo, wochoka akhale wankhanzayo. Kwa mphunzitsi, mbali imeneyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa ikutanthauza kuti mwana sasintha sukulu, sataya makope, sataya anzake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanenanso kuti kholo liyenera kusamalira mwana wake, banja lilipo kapena latha, ndipo khoti lingamulamule kupereka thandizo. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre muli malo a Chikwanekwane, kumene adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi. Pali nambala yaulere ya 116, ya bungwe la YONECO, imene mwana kapena wamkulu angaimbe. Vuto ndi mtunda umene uli pakati pa malamulowa ndi khonde la mayi wa kumudzi. Khoti lili ku boma, ndalama yokwerera galimoto ili m'thumba mwa womenyayo, ndipo mayi akafika pa polisi amakumbukira funso limene aliyense amufunse pobwerera: akamangidwa, ana adya chiyani? Milandu yambiri imathera pamenepo.

Ku England kuli ndondomeko yotchedwa Operation Encompass, imene inayambira ku Plymouth mu 2011. Anaiyambitsa ndi wapolisi wina ndi mkazi wake amene anali mphunzitsi wamkulu. Apolisi akaitanidwa usiku kunyumba kumene kwachitika ndewu ndipo kuli ana, amadziwitsa munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino pa sukulu ya anawo maphunziro asanayambe m'mawa. Mwanayo safunsidwa mafunso. Amangolandiridwa mofatsa, apatsidwa chakudya ngati sanadye, salangidwa chifukwa cha ntchito ya kunyumba. Mu 2021 dzikolo linakhazikitsanso lamulo lonena kuti mwana amene amaona kapena kumva nkhanza m'nyumba nayenso ndi wozunzidwa, osati mboni chabe.

Kuno apolisi safika m'mudzi usiku. Koma pofika m'mawa nkhani imakhala itadziwika kale. Oyandikana nawo anamva, achitetezo a m'mudzi mwina ndi amene analeretsa, ku mjigo yakambidwa, anyakwawa auzidwa. Malo okhawo amene nkhaniyo sifika ndi ku sukulu, kumene mwanayo akhale tsiku lonse. Pa sukulu yathu tinagwirizana ndi amayi a Mother Group kuti m'mudzi uliwonse mukhale mayi mmodzi amene angatumize uthenga kwa ahedi kapena kwa mphunzitsi mmodzi wamkazi amene tinamusankha. Uthengawo ndi waufupi: "Ana a kwa uje sanagone bwino." Basi. Tsiku limenelo anawo salandira chibalo, amayamba ndiwo kulandira phala, ndipo akawodzera timawasiya. Akajomba, mayi uja amakawaona masana. Zimene anaphonya timawabwerezera anzawo ataweruka.

Pali chinthu chimodzi chimene tinalumbirirana, ndipo mphunzitsi aliyense amene akuwerenga achisunge. Osaitana kholo n'kunena kuti, "Mwana wanu watiuza." Mawu amenewo angamuphetse mwana. Bambo amene wachititsidwa manyazi pamaso pa aphunzitsi amakafunsa kunyumba kuti ndani akutulutsa za m'nyumba muno, ndipo mwana amene anakukhulupirira sadzatsegulanso pakamwa pake kwa wamkulu aliyense. Tikafuna kulankhula ndi makolo timayambira pa zimene zili m'mabuku: masiku ojomba, malikisi amene atsika, tulo ta m'kalasi. Zimenezo ndi zathu, tinaziona tokha. Nkhani za ana zisafikenso mu sitafu rumu ngati macheza. Ndipo pamene mwana wavulazidwa kapena wagwiriridwa, imeneyo si ya ankhoswe kapena ya Mother Group. Ndi ya polisi, chipatala ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, tsiku lomwelo.

Ndinenenso chimene aphunzitsi sitikonda kuchikamba. Nyumba zathu zambiri zili pa sukulu pomwepo. Mphunzitsi akamamenya mkazi wake, ana a sukulu amadziwa, chifukwa ena amatunga madzi pa mjigo womwewo. M'mawa munthu yemweyo aima kutsogolo kuphunzitsa za ufulu wa ana ndi za kuthetsa mikangano mwamtendere. Mtsikana amene ali ndi vuto kunyumba sangapite kwa munthu wotere, ndipo mnyamata amaphunzira kuti ngakhale wophunzira amatero. Ahedi ndi alangizi a zamaphunziro asamaione ngati nkhani ya kuseri. Ikukhudza ntchito.

Zimene timachitazi sizithetsa ndewu. Zimangoteteza kuti sukulu isaonjezere chilonda, ndi kuti mwana akhalebe m'kalasi pamene akuluakulu akufunafuna chochita. Pa msonkhano wina wa makolo nditakamba zimenezi, bambo wina wachikulire anaimirira n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Madamu, inu phunzitsani ana. Za m'nyumba mwathu tisiyireni." Ndinayankha kuti, "Zikomo bambo. Ife m'nyumba mwanu sitilowamo. Koma zimene zachitika m'menemo zimabwera zokha kudzakhala pa benchi yathu, ndipo boma likufuna kuti tizikhozetse mayeso." Anthu anang'ung'udza, ena kuvomereza, ena kukana. Amfumu, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anati nkhaniyi isathere pamenepo, ndipo analamula kuti mlandu wa ndewu ya m'banja ukafika pa bwalo lawo, ngati banjalo lili ndi ana a sukulu, pazikhala mmodzi wa komiti ya sukulu wonena mmene anawo akuchitira m'kalasi.

Milandu yofika kwa amfumu ndi yochepa. Yambiri imathera pakhonde, kwa ankhoswe. Choncho teremu ikubwerayi tapempha amfumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuti atiitanire anthu amene amakhala ankhoswe kawirikawiri m'midzi yathu. Tikufuna kuwapempha zinthu ziwiri. Asanagamule kuti mayi abwerere chifukwa cha ana, mmodzi wa iwo, makamaka wamkazi, akhale pambali ndi mwana wamkulu amumve, ndipo apemphe malipoti a sukulu awaone. Akagamula kuti banja lipitirire, atchule nyumba ya wachibale kumene ana angakagone ndewu ikayambiranso, ndipo bamboyo avomereze pamaso pa onse kuti sadzakawatenga kumeneko mokakamiza.